Lamba wa Galu Wowoloka Mtsinje

Lamulungu lina m'nyengo ya dzinja, buluku langa linandithawa pamaso pa mpingo wonse. Silinafike pansi ayi, ndisaname. Linangotsetsereka mpaka pamene malaya amathera, ine n'kuligwira msanga ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pa buku. Ndinali pakati powerenga Mawu m'tchalitchi chathu chaching'ono cha kufupi ndi Madzimoyo, ndipo ndime ya tsikulo inali yaitali ngati mzere wa m'munda wa thonje. Ndinaimaliza dzanja lili m'chiuno, ngati munthu wofuna kuvina amene akungodikira ng'oma. Amayi a kwaya anabisa pakamwa ndi mabuku a nyimbo. Mkazi wanga anayang'ana kudenga ngati kumeneko kwalembedwa nkhani yofunika.

Wolakwa ndinali ine ndemwe. Loweruka lake ndinali nditadula lamba wanga wa ku tchalitchi, yekhayo amene ndinali naye, kuti ndimveke galu m'khosi. Khosi la galu ndinaliyesa bwinobwino ndi kachingwe, koma za chiuno changa sindinaziganize. Ndinatenga mbali ya kumutu, kumene kuli chitsulo chomangira, n'kutsala ndi mchira wopanda ntchito. M'mawa mwake ndinamanga buluku ndi luzi, ndipo luzi louma silidziwa ulemu wa m'tchalitchi. Linaduka pomwe ndinagwada, ine osamva.

Galuyo sanali wanga poyamba. Anali wa mng'ono wanga, amene ankakhala tsidya lina la kamtsinje kodutsa kumunsi kwa mudzi wathu. Mng'ono wangayo ankagula mtedza m'midzi n'kumakagulitsa pa njinga ku Chipata, nthawi zina mpaka ku Mwami, ndipo galu ankathamanga pambuyo pa njingayo mpaka pa msewu wa tala, pomwe mbuye wake ankamubweza ndi likhweru. N'chifukwa chake anakula wa miyendo yaitali, wopanda mimba, wosadziwa kukhala pansi. Zinali zaka zoyambirira za m'ma 1990, zaka zimene tinaika m'manda anyamata ambiri amene akanayenera kutiika ifeyo. Mng'ono wanga anadwala miyezi isanu ndi umodzi, n'kutisiya mvula isanayambe.

Pogawa katundu, njinga inapita kwa amalume, wayilesi kwa wina, mabulangeti kwa ena. Mlamu wanga anabwerera kwawo ku Chiparamba ndi ana. Madzulo a tsikulo pakhomo panatsala phulusa la moto wa pamaliro ndi galu, atagona pakhonde, chibwano chili pa miyendo yakutsogolo. Palibe amene anamutchula. Ndinamumanga chingwe n'kuwoloka naye, ndipo sanakane. Koma m'mawa uliwonse, akangolandira chakudya chake, ankatsika kudambo, n'kuwoloka kamtsinjeko, n'kukagona pakhonde la nyumba yopanda munthu ija. Dzuwa likapendeka ankabwerako, n'kudzadzikutumula madzi pafupi ndi mkazi wanga, osati pafupi ndi wina aliyense. Mvula itakula, madzi anafika m'chiuno mwa munthu wamkulu, koma iye ankangosambira. Kawiri pa tsiku, kupita ndi kubwera.

Ndiye kunabwera chiwewe. Galu wina wamisala analuma mbuzi ndi mayi wina m'mudzi woyandikana nafe, ndipo a zoweta anafika ndi katemera. Tinafola pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, aliyense ndi galu wake pachingwe, phokoso ngati tsiku la msika. Galu akabayidwa, mwini wake ankalandira kapepala ndi kachitsulo kozungulira kokhala ndi nambala. Mkazi wanga atakaona anati ndi kamendulo, ndipo dzinalo linakhala. Mkulu wa a zowetawo ananena momveka kuti pakapita milungu ingapo adzabweranso ndi mfuti, ndipo galu aliyense wopezeka akuyenda popanda kamenduloko m'khosi adzawomberedwa pomwepo, osafunsa kuti ndi wa yani. Tsiku lake sanalitchule.

Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Agalu a anzanga ankagona pakhomo, eni ake ali pafupi. Wangayu ankakhala tsiku lonse pabwinja, pomwe panalibe munthu womunenera. Kamendulo kaja ndiko kanali pakamwa pake. Kakanagwera m'madzi, basi, nkhani yake ikanathera pakhonde lomwe lija.

Poyamba ndinayesa kumumanga pa mtengo wa papaya. Analira tsiku lonse kulira kosakhala kwa galu, chakudya osachinunkhiza n'komwe, maso ali kutsidya. Tsiku lachiwiri mkazi wanga, amene ankati samukonda, anamasula yekha chingwecho.

"Bambo inu, maliro tinalira kale," anatero. "Sindikufuna kuwayambanso pa mtengo wa papaya. Mupezereni chomangira kamendulo kakeko azipita."

Apa ndi pamene panalowa buku. Ine sukulu ndinalekezera giredi folo, zina zonse ndinaziphunzira ndekha, pa nyuzipepala zokulungira kapenta ndi mabuku othothoka chikuto. Chilichonse cholembedwa ndinkachikhulupirira ngati chatsika kumwamba. Ndinali ndi kabuku kena ka Chingerezi konena za kasungidwe ka agalu, kamene ndinakalanditsa kwa mkulu wina wogulitsa fodya wa chingambwe pamsika, atakang'amba kale theka popichirira makasitomala ake. Masamba otsalawo ankati lamba wabwino wa galu ndi wa chikopa, ndipo pomanga pazilowa zala ziwiri pakati pa lamba ndi khosi. Wolembayo anajambulapo galu wa ubweya wopesa, ataima pa kapinga. Sindinadzifunse ngati galu ameneyo anawolokapo mtsinje chibadwire.

Motero lamba wanga wa ku tchalitchi anapita m'khosi mwa galu, ine n'kuchita manyazi aja. Akanakhalitsa, bwenzi ndikuti manyaziwo anapindula. Koma lambayo, amene ndinamugula pa salaula, pamsika wa zovala zovalidwa kale, ndikumuyesa chikopa chenicheni cha kunja, atanyowa masiku asanu anayamba kusendeka ngati nthochi. M'kati mwake munali zinthu zonga katoni. Utoto wake unadetsa khosi lonse la galu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabwerako kamendulo kakulendewera pa ulusi umodzi wokha. Ndinakamasula n'kukasunga.

"Mwaluza lamba, mwaluza ulemu, galu naye ali wamaliseche," anatero mkazi wanga, uku akupeta. "Bukulo likuti chiyani tsopano, bwana?"

Ndinati buku silinalakwe, cholakwa ndi chikopa chabodza. Chofunika n'chikopa chenicheni. Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, m'mudzi wina anali atapha ng'ombe masiku apitawo, ndipo ndinakapempha kachidutswa ka chikopa chake chouma. Chinali cholimba ngati thabwa. Ndinachiviika m'madzi usiku wonse mpaka chinafewa, n'kuchilenga bwinobwino, n'kuchikoka kuti chitalike. M'mawa ndinachimanga m'khosi mwa galu chikadali chonyowa, kamendulo kali pakati, mfundo yolimba kumbuyo. Zala ziwiri zinalowa monga buku linanenera. Ndinadziona ngati mmisiri. Galu anatsika kudambo, ine n'kupita kukapalira mtedza.

Tsiku limenelo mvula inapuma. Kunawala dzuwa lija la pakati pa dzinja, loswa mutu, lofotetsa masamba a chimanga. Dzuwa linapendeka, galu osabwera. Ndinakhala pachitsa n'kumayang'ana kanjira ka kudambo.

Aneba athu anandipeza pomwepo. Anali bambo wachikulire, woweta ng'ombe ziwiri zolimira, wosadziwa kuwerenga ngakhale dzina lawo. Makalata a mwana wawo wa ku migodi ndinkawawerengera ndine, n'chifukwa chake ankanditcha aphunzitsi, mwina mwaulemu, mwina monditonza, sindinadziwe mpaka lero.

"Aphunzitsi, mwakhala ngati mukudikira basi. Mlendo wanu uja sanabwere?"

"Sanabwere, aneba. Kapena akunyadira lamba watsopano. Ndamupangira wa chikopa cha ng'ombe, chenicheni."

"Chofufuta?"

"Ayi, ndinangochiviika."

"Mwamanga chili chonyowa?"

"Eya. Zala ziwiri zinalowa."

Anataya pansi mtolo wa udzu umene ananyamula, n'kuyamba kutsika kudambo mothamanga, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akufulumira ngakhale ng'ombe zitalowa m'munda wa eni. Ndinawatsatira. Tinawoloka madzi ali m'chiuno, zovala zili m'thupi.

Galu tinamupeza pakhonde lija, atagona cham'mbali, lilime lili panja, mpweya ukutuluka molira ngati wa pampu yakutha. Ataniona anagwedeza mchira kamodzi kokha. Chikopa chija chinali chitauma n'kulowa m'khosi, moti ngakhale udzu sukanadutsa pomwe m'mawa panalowa zala ziwiri. Ndinatulutsa mpeni, koma aneba anandigwira mkono.

"Mumucheka mtsempha. Nyamulani, tiyeni kumadzi."

Ndinamunyamula ngati mwana. Anali wolemera kuposa mmene ankaonekera, ndipo ndinkamva mtima wake ukugunda pachifuwa panga. Tinamugoneka m'mbali mwa mtsinje, mutu uli pa ntchafu zanga, aneba n'kumathira madzi pa chikopacho ndi chipewa chawo, kuthira, kuthira, uku akuchifinya ndi zala. Patapita nthawi chinafewa pang'ono. Analowetsa mpeni chogona, n'kuutembenuza kuti kuthwa kuloze kunja, n'kudula. Galu anakoka mpweya wautali, anatsokomola, kenako ananyambita dzanja langa, dzanja lomwelo limene linamanga mfundo. Ndinaweramitsa nkhope ngati ndikufuna kamendulo m'udzu, chikhalirecho kanali m'manja mwanga.

Aneba anakhala pansi, anafinya chipewa chawo, n'kupumira m'mwamba.

"Aphunzitsi, ng'oma timakunga bwanji?"

"Ndi chikopa chonyowa."

"Chikauma?"

"Chimakoka."

"Ndiye inu mumafuna galuyu alire nyimbo yanji?"

Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, ndinaonapo ng'oma zikukungidwa, ndinaonapo mpini wosweka ukumangidwa ndi chikopa chonyowa. Koma popeza bukulo silinanene, nzeruyo ndinaisiya panja ngati nsapato zamatope.

M'mawa mwake galu sanawoloke. Anagona pafupi ndi khitchini, mkazi wanga akumuthira mafuta pa mzere wofiira wa m'khosi, uku akumukalipira chapansipansi kuti ndi chitsiru chofanana ndi mbuye wake, osanena kuti mbuye wake uti. Ine ndi aneba tinakhala pansi pa nkhokwe n'kuyala zonse zimene munthu angamange nazo galu. Iwo ankanyamula chimodzichimodzi n'kumachiweruza ngati mlandu.

Malegeni, mphira uja wa chubu cha njinga, madzi sawaopa. Koma aneba anakola chala n'kukoka. "Uyu amatamuka. Akakodwa pa chitsa, kapena avuka n'kutsala pomwepo ndi kamendulo kanu, kapena galu akhala akukoka mpaka mawa." Chingwe cha nayiloni cha m'masaka a feteleza anachipukusa pa mkono wanga mpaka ndinati mayo. "Mwamva? Ndiye pa bala paja." Tcheni cha ngolo chinali cholemera, ndipo galu wosambira sapatsidwa katundu. Chikopa chofufuta bwino, chonga cha zingwe za pagoli, anati chikanatha, koma chimafuna kudzozedwa mafuta kawirikawiri, ndipo chonyowa kawiri pa tsiku chimayamba kununkha n'kuola. "Ng'ombe zanga sizisambira," anatero.

Ndiye ndinakumbukira chinthu chimene ndinachiona dzulo lake ndikunyamula galu: pa mtanda wa khonde la mng'ono wanga panali popachikidwa tayala lakutha la njinga. Ogawa katundu analiona n'kulisiya, monga anasiyira galu. Ndinawauza aneba mokayika, poti tsopano maganizo anga ndinkawaopa.

Anakanda chibwano. "Tayala lili ndi ulusi m'kati. Silitamuka, silikoka, siliola. Latha bwanji?"

"Lasalala ngati chikhatho."

"Ndiye labwino. Katengeni. Bukulo lisiyeni kuno, lingakuuzeni zina panjira."

Ndinawoloka ndekha. Chiyambire maliro ndinali ndisanaimepo pakhondepo popanda chondithamangitsa. Udzu unali utamera mpaka pachitseko. Pomwe galu ankagona panali posalala, pokumbika pang'ono, poyang'ana kanjira kotulukira ku msewu. Ndinatsitsa tayalalo. Pena pake panali posokedwa ndi waya, kasokedwe ka mng'ono wanga, kokhotakhota, ka munthu wofulumira kuti msika usamuthere. Ndinakhala kaye pansi pang'ono ndisanabwerere.

Aneba anadula mbali zonse ziwiri zokhala ndi waya, n'kutsala ndi pakati pokha, mulifupi mwake ngati zala ziwiri. M'mphepete anapalamo ndi mpeni, n'kukwecha pa mwala mpaka munasalala. Mabowo tinaboola ndi msomali wowotcha pamoto, fungo la mphira n'kudzaza bwalo lonse, mkazi wanga akutukwana ali m'khitchini. Chitsulo chomangira chinachokera pa lamba wanga wa ku tchalitchi uja. Chokhacho ndicho chinali chenicheni pa lamba yenseyo. Kamendulo sitinakalendeweze ayi, tinakasokerera pa lamba penipeni ndi waya wa kopa, nsonga zake zili kunja, kuti kasakodwe pa bango.

Ine ndinafuna kumumveka tsiku lomwelo. Aneba anakana.

"Galu wayesedwa mokwanira. Tsopano tiyese lamba."

Anayesa utali wake ndi kachingwe n'kumangapo mfundo. Lambayo anagona m'ndowa ya madzi masiku awiri, n'kukhala padzuwa pa denga la nkhokwe tsiku lathunthu, n'kubwereranso m'ndowa. Nthawi iliyonse ankamuyesa ndi kachingwe kaja. Sanatalike, sanafupike. Masiku amenewo galu anali akuchira, ndipo ine ndinkamuperekeza kutsidya, kamendulo kali m'thumba mwanga, n'kukhala naye pakhonde ndikuwerenga nyuzipepala zakale mokweza. Munda wa mtedza unamera udzu. Mkazi wanga sananene kanthu, ndipo amene amamudziwa angamvetse kukula kwa kukhala chete kumeneko.

Bala litapola tinamumveka. Aneba analowetsa zala zawo, zonenepa ngati zanga zitatu. "Apa buku lanu linanena zoona," anatero. "Mulisunge. Theka lija linapita ku fodya kapena ndi lomwe linali ndi za mtsinje."

A mfuti anabwera Lachinayi lina m'mawa, ine ndili m'munda. Ndinamva kulira kwa mfuti koyamba chakumpoto, kenako kwachiwiri pafupi, tsidya lomwe lija. Galu anali atawoloka kale. Ndinataya khasu, ndinadzera kunyumba kukatenga kapepala kaja, n'kuthamanga ndikakweza pamwamba pa mutu kuti kasanyowe, dzanja lina litagwira buluku, poti luzi linali litayambanso khalidwe lake. Powoloka ndinkapemphera pemphero lopanda mutu, kutchula mng'ono wanga ndi Mulungu mosakaniza.

Nditatulukira pabwinja ndinaona anthu awiri ataima pabwalo. Mmodzi anali ndi mfuti, wina ndi buku lalikulu. Galu anali ataima pakhonde, wonyowa, makutu ali tcheru, ndipo pakhosi pake kamendulo kankanyezimira padzuwa. Mfuti inali yoloza pansi.

"Ndi wanga, abwana! Ndi wanga!" ndinakuwa ndikadali patali.

Wa mfutiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku buluku. "Pumani, mdala. Tikanafuna tikanatha kale. Ndinali nditakweza mfuti, poti pano n'pabwinja, koma ndinaona chikuwala. Mumakhala pano?"

"Ayi, tsidya ilo. Pano panali pa mng'ono wanga. Anatisiya."

Anayang'ana nyumbayo, udzu wa pachitseko, n'kuyang'ananso galu. Wa buku uja anayandikira mosamala, anawerenga nambala pa kamendulo, n'kuiona pa kapepala kanga. Kenako anagwira lambayo n'kumutembenuza.

"Mwagula kuti ameneyu? M'tauni?"

"Ndi tayala la njinga."

Anaseka, n'kuitana mnzake kuti adzaone. Ananena kuti agalu angapo amene anawapeza m'mawawo anali obayidwa ndithu, eni ake anabwera ndi mapepala mochedwa, koma timendulo tinali titatayika chifukwa anamangira ndi tinsanza ndi luzi. Atapita, ndinakhala pakhondepo, galu n'kubwera kudzadzikutumula madzi pa ine, koyamba chimutengereni.

Lamba ameneyo anakhala naye zaka zonse zimene anatsala nazo. Utoto analibe woti n'kusuluka, fungo analibe, ndipo kamendulo kanachita kufufutika nambala kali pomwepo. Kuwoloka sanasiye.

Mvula itatha, tikukumba mtedza, aneba anabwera ndi kalata ya mwana wawo kuti ndiwawerengere. Nditamaliza tinakhala pansi pa nkhokwe. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu, koma tinaona galu akukwera kuchokera kudambo, akudontha madzi. Anadutsa pafupi nafe, anakanunkhiza pakhomo la khitchini, n'kudzagona pa mapazi anga, chibwano chili pa miyendo yakutsogolo.

Aneba anamuyang'ana nthawi yaitali, akupinda kalata yawo.

"Mwaona, aphunzitsi? Inu mumawerenga mapepala, izi simuziona. Kale galuyu ankagona kuno ngati mlendo, m'mawa n'kumapita kwawo. Masiku ano amapita kukazonda kutsidya, akaona kuti kuli bwino, n'kubwerera kwawo." Anaimirira, anadzikuntha fumbi, n'kuloza m'chiuno mwanga. "Tayala lija latsalako lalitali. Mawa mubwere ndi kachingwe, tiyese inuyo. Lamulungu layandikira."